Mwalembedwa ntchito yoyendetsa ndege: zoti muchite maphunziro a kampani asanayambe

Kampani ya ndege ikangotulutsa maina a mapailoti atsopano, mauthenga amayamba kugwa pa foni yanga, ndipo funso limakhala lomwelo: "Akulu, kalata yabwera, maphunziro ayamba mwezi wamawa. Ndiyambire pati?" Ndakhala ndikuyankha mmodzimmodzi, wina usiku, wina ndili chiimire pabwalo la ndege, ndipo yankho la pa foni limatuluka loduka mutu. Ndiye ndalemba pano kamodzi kuti aliyense awerenge modekha.

Ndikulankhula ndi inu amene muli ndi CPL (laisensi youlutsa ndege ngati ntchito), instrument rating (chilolezo choulutsa podalira zida zokha) ndi multi-engine (cha ndege za injini zoposa imodzi), maola anu ali cha m'ma 200 kapena kuposerapo, ndipo ndege yaikulu yomwe munaigwirapo ndi Seneca kapena Caravan. Tsopano akukuikani pa Dash 8 Q400 kapena Boeing 737, ngati zomwe Malawi Airlines imaulutsa kuchokera pa Kamuzu ndi pa Chileka. Zitsanzo zambiri nditenga pa 737-800. Pomwe zanga zasiyana ndi buku la kampani yanu, tsatirani buku la kampani.

1. Dziwani msewu wonse musanauyambe

Mumayamba ndi ground school: malamulo a kampani, katundu woopsa, chitetezo, kuzimitsa moto, kutulutsa anthu m'ndege pangozi, ndi CRM, lomwe ndi phunziro la kagwiridwe ntchito limodzi. Kenako mumaphunzira ziwalo za ndegeyo, kwambiri pa kompyuta, n'kulemba mayeso. Makampani ambiri amafuna mupeze 75 kapena 80 pa 100. Mukakhoza amakulowetsani mu cockpit yosagwedezeka, yokhala ndi mabatani onse, kuti manja azolowere. Pambuyo pake ndiye simuleta yeniyeni, yoima pa miyendo, yogwedezeka ngati ndege. Kulowamo kamodzi ndi maola 4: awiri mukuulutsa inu, amene timati PF, awiri mukuyang'anira mnzanu, amene timati PM. Mapeto ake ndi skill test, ndipo mukakhoza mtundu wa ndegeyo umalembedwa pa laisensi yanu. Imeneyo ndiye type rating.

Zikatero pamatsala base training, kunyamuka ndi kutera ndi ndege yeniyeni yopanda anthu, kawirikawiri ka 6, ndi line training, pomwe mumanyamula anthu muli ndi kaputeni wophunzitsa kumanzere kwanu mpaka mutakhoza line check, mayeso a pa ulendo weniweni. Kuchoka tsiku loyamba m'kalasi kufika pa skill test kawirikawiri sipadutsa miyezi iwiri. Nthawi imeneyi ndi yochepa moti zomwe simunakonzeretu kunyumba zidzakupezani muli kale m'mbuyo.

2. Tsegulani chikwama cha mapepala lero

Munthu amataya malo m'kalasi chifukwa cha pepala limodzi lotha ntchito. Medical ya Class 1 imakhala miyezi 12 kwa ambiri a inu, onetsetsani kuti isathere pakati pa maphunziro. Instrument rating ikhale yamoyo. Chingerezi cha pa wailesi chikhale Level 4 ya ICAO (bungwe la zandege la padziko lonse) kapena kupitirira, ndipo Level 4 imatha, imafuna kuyesedwanso. Funsani kuti ndege za kampani yanu zinalembetsedwa m'dziko liti, pakuti laisensi imatsata dziko la ndege: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, ET ndi Ethiopia, ZS ndi South Africa. Ngati laisensi munaitenga kwina, pitani ku Civil Aviation msanga mukayambe za validation kapena conversion, kuti laisensiyo ivomerezeke kapena isinthidwe kukhala ya dzikolo. Pasipoti ikhale ndi miyezi yoposa 6 ndi masamba opanda kanthu, khadi lachikasu la yellow fever likhalepo. Logbook iwonkhetseni bwino, maola a PIC (omwe mkulu wa ndege munali inuyo), a usiku ndi a instrument agwirizane ndi zomwe munalemba pofunsira ntchito. Ovala magalasi, mugule achiwiri, ndi lamulo kukhala nawo m'ndege.

3. Werengani bond, kenako khalani pansi ndi akunyumba

Type rating ndi yodula kwambiri, n'chifukwa chake kampani imakusainitsani bond: mukachoka zaka zomwe mwagwirizana zisanakwane, mubweza ndalama. Chimwemwe chisakusainitseni osawerenga. Funsani kuti ndi ndalama zingati, ikuchepa mwezi ndi mwezi kapena imangokhala chomwecho mpaka tsiku lomaliza, mukalephera skill test mubweza kapena ayi, nanga pa nthawi ya maphunziro mukulandira chiyani. Makamaka funsani kuti yalembedwa m'makwacha kapena m'madola. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole ya madola koma malipiro a makwacha anadzuka ngongoleyo itakula osakongola kanthu kena.

Za kunyumba ndi zovutirapo. Akangomva kuti mwana wathu ndi pailoti, mapempho amayamba: fizi, feteleza, malata. Ndi abale anu ndipo ambiri anakuthandizani kuti mufike apa, choncho musawabisire. Auzeni poyera kuti malipiro enieni sanayambe, ndipo kwa miyezi iwiri foni izikhala yotseka nthawi zambiri. Sankhani munthu mmodzi, mlongo wanu kapena amalume, amene nkhani zonse zizidzera kwa iye, ndipo mugwirizane kuti kukagwa zovuta ndani akakuimirireni. Zimapweteka kukambirana zimenezi, koma zimapweteka koposa kulandira uthenga wa maliro mphindi khumi musanalowe mu simuleta musanakonze chilichonse.

4. Lowezani zoyenera kuloweza, zinazo muzimvetse

Kampani idzakupatsani mabuku ambiri. FCOM imafotokoza ndegeyo ndi kayendetsedwe kake. QRH ndi kabuku ka zangozi komwe kamakhala pafupi ndi bondo lanu. FCTM imanena mmene opanga ndege amafunira kuti muiulutsire. Operations Manual ili ndi zigawo A, B, C ndi D, ndipo MEL imanena zomwe ndege ingathe kunyamuka zili zowonongeka. Cholakwika choyamba ndi kutsegula FCOM pa tsamba 1 n'kumawerenga mpaka tulo. Pofika sabata yachiwiri mumadziwa mapaipi onse a hydraulic koma simudziwa choti dzanja lanu lichite kaputeni akati "before start procedure".

Yambani ndi limitations, malire omwe ndege siyenera kupitirira. Pa 737-800, flaps (zigawo zosuntha za kumbuyo kwa mapiko) 1 mpaka 5 malire ake ndi ma knots 250, flaps 10 ndi 210, flaps 15 ndi 200, flaps 25 ndi 190, flaps 30 ndi 175, flaps 40 ndi 162. Matayala mumawatulutsa osapitirira 270, kuwabweza osapitirira 235. Ndegeyo sikwera kupitirira mafiti 41,000. Lembani nambala iliyonse pa kakhadi, funso kutsogolo yankho kumbuyo, muziyenda nato m'thumba.

Kenako memory items, zomwe mumachita pamtima musanatsegule QRH chifukwa nthawi yowerenga palibe: moto wa injini, mpweya kutha m'ndege, stabilizer (phiko la kumchira) kuthamanga yokha, liwiro losadalirika. Izi muloweze liwu ndi liwu, mwadongosolo lake. Pa mafiti 35,000 mpweya ukatha muli ndi masekondi 30 mpaka 60 mutu usanasokonezeke, ndiye chinthu choyamba ndi chigoba cha oxygen kumaso, zina zonse pambuyo. Mu August 2005 ndege ya Helios, Boeing 737, inagwa ku Greece ndi anthu 121 chifukwa mapailoti anamva belu la mpweya n'kuliyesa la chinthu china, osavala zigoba.

Chenjezo lalikulu: musaloweze kuchokera ku mabuku a kampani ina omwe akuzungulira m'magulu a WhatsApp. Ndege ndi yomweyo koma mawu ndi dongosolo zimasiyana, ndipo mabuku amasinthidwa kawirikawiri. Kuchotsa m'mutu chinthu cholowezedwa molakwika n'kovuta kuposa kuloweza chatsopano. Ngati kampani sinakutumizireni ake, apempheni. Akachedwa, werengani za ziwalo za ndege zokha, pakuti izo sizisintha ndi kampani.

5. Ulutsani ndege muli pampando wa kunyumba

Apa ndi pomwe pamasiyana amene amavutika mu simuleta ndi amene amapita bwino. Timati chair flying, ndipo ambiri amaganiza kuti ndi kukhala pansi n'kumayang'ana chithunzi. Ayi, ili ndi kachitidwe kake.

Pezani chithunzi chachikulu cha cockpit ya ndege yanu, mukachisindikize pa pepala lalikulu. Chigawo cha kutsogolo chimatani pakhoma molingana ndi maso anu mutakhala pansi. Overhead panel imatani chapamwamba kuti muzikweza mutu ndi dzanja. Pedestal iikeni pa kampando kumanzere kwanu, chifukwa inu mudzakhala kumanja ndipo ma thrust lever, zogwirira zosinthira mphamvu ya injini, adzakhala ku dzanja lamanzere. Amene mwazolowera kukhala kumanzere mu Cessna, chimenechi chokha chimatenga masiku kuti thupi livomere.

Tsopano ma flow. Flow ndi njira yomwe dzanja limadutsa pa mabatani, kuyambira pamwamba kutsika, mbali ina kupita mbali ina, osawerenga pepala. Checklist imabwera pambuyo kudzangotsimikiza kuti zofunika kwambiri zachitika. Tengani flow imodzi, mwachitsanzo ya preflight ya first officer, amene ndi inu wa kumanja. Ulendo woyamba buku likhale pamwendo: werengani mzere, gwirani batani pachithunzi ndi chala, tchulani mokweza dzina lake ndi pomwe liyenera kukhala, ndipo nenani nyale yomwe iyenera kuyaka kapena kuzima. Chala chigunde pepala ndithu, kuloza patali sikuthandiza. Bwerezani mpaka muthe buku litatsekedwa. Mukalakwitsa pakati musapitirize, bwererani poyambira. Ikakhazikika onjezerani yotsatira, n'kuzilumikiza: preflight, before start, kulizitsa injini, before taxi, before takeoff, mpaka kuzimitsa ndege pofika. Cholinga n'chakuti manja azidziwa okha ngati a woimba ng'oma, mutu utsale womasuka kumvera wailesi ndi kaputeni.

Kenako onjezerani pakamwa. Kunyamuka kwa 737 kuli ndi mawu ake, wina akanena wina amayankha. PM akuti "eighty knots", PF akuti "check". "V1." "Rotate." "Positive rate." "Gear up." Pa mafiti 400 mumasankha njira, kenako ma flaps amabwerera limodzilimodzi pa liwiro lake. Nenani mbali zonse ziwiri mokweza, lero ngati PF, mawa ngati PM. Mawuwo akhale enieni a m'buku. Ngati buku likuti "positive rate" inu musati "positive climb", chifukwa mnzanu akudikira liwu lenilenilo kuti dzanja lake lisunthe.

Mukafika poti zonse zikuyenda bwino muli chete m'chipinda, dzisokonezeni dala. Tsegulani wailesi. Uzani mng'ono wanu kuti azikufunsani mafunso pakati pa flow, kapena afuule "engine fire" nthawi iliyonse yomwe wafuna. Mu ndege yeniyeni flow siimatha osadulidwa: wa mafuta akufuna siginecha, wa m'kabini akufunsa za chakudya, ATC, owongolera ndege pa wailesi, akupereka clearance (chilolezo cha ulendo). Muphunzire kubwerera pomwe munasiyira, ndipo mukakayika, kuyambiranso chigawo chonsecho. Dzijambuleni pa foni n'kumvetsera. Mudzamva nokha pomwe mukuzengereza ndi pomwe mukumeza mawu.

Mphindi 30 kawiri pa tsiku, tsiku lililonse, zimaposa maola 6 a Loweruka lokha. Ndipo phatikizani go-around, kusiya kutera n'kubwerera m'mwamba, masiku onse. Anthu amayeserera kutera kokha, tsono tsiku lomwe akuyenera kubwerera m'mwamba ndi injini zonse zili bwino, mphamvu ya ndege imawadzidzimutsa, amaiwala matayala kapena kupitirira msinkhu womwe anapatsidwa.

6. Dzutsani masamu a m'mutu

Cessna imayenda pafupifupi mamailo 2 pa mphindi, 737 m'mwamba imayenda 7 kapena 8. Kuti musatsalire kumbuyo kwa ndege, masamu awiri akhale pamlomo. Potsika, mafiti 1,000 aliwonse amafuna mamailo 3: kuchoka pa 35,000 kupita pa Chileka, pomwe ndi pafupifupi mafiti 2,500, ndi mamailo cha m'ma 100, muonjezerepo 10 ochepetsera liwiro. Pa glideslope (njira yotsikira potera) ya madigiri 3, chulukitsani groundspeed (liwiro lanu poyerekeza ndi pansi) ka 5: ma knots 140 akupatsani mafiti 700 pa mphindi. Bwerezaninso ma hold (kuzungulira m'mwamba podikira), kuwerenga ma approach chart (mapu otererapo) ndi METAR (lipoti la nyengo ya pabwalo). Ngati papita miyezi osauluka, lipirani maola awiri kapena atatu mu simuleta yaing'ono ya kusukulu kuti maso akumbukire kuyenda pa zida.

7. Samalani mnzanu wa mu simuleta ndi thupi lanu

Adzakupatsani sim partner, mwina munthu amene simunamuonepo, mwina wa dziko lina. Kukhoza kwanu kuli m'manja mwake, kwake kuli mwa inu, chifukwa PM wofooka amagwetsa PF wabwino. Kumanani tsiku loyamba lomwe, gwirizanani nthawi yochitira chair flying limodzi, ndipo musanalowe mu simuleta mudutse phunziro lonse la tsikulo kamodzi pakhoma. Musapikisane naye.

Simuleta imagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo atsopano ndi amene amapatsidwa nthawi zoipa, monga 2 koloko m'bandakucha. Onjezanipo briefing ya ola limodzi ndi theka kapena awiri musanalowe, ndi debriefing mukatuluka. Gonani masana, khofi mumwe poyamba osati pomaliza. Ngati maphunziro ali ku Addis Ababa, mzindawo uli pamwamba kupitirira mamita 2,300, masiku oyamba mumatopa msanga ndipo kuyambira June mpaka September kumagwa mvula yozizira, tengani juzi. Johannesburg nayo mu June ndi July imazizira kuposa Dedza. Mowa usiyeni mpaka skill test itadutsa. Mankhwala a chimfine ogodomalitsa ngati Piriton, mankhwala a malungo a mefloquine, ngakhale azitsamba, musamwe osafunsa dokotala wa zandege. Mukamva kuphwanya m'thupi mutangochoka kumudzi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo muuze aphunzitsi.

8. Injini ikafa pa V1

V1 ndi liwiro lomwe mukalipitirira simungaimenso pa runway yotsalayo, muyenera kunyamuka basi. Aphunzitsi adzakuzimitsirani injini pamenepo kambirimbiri. Ndege imakhotera mbali ya injini yakufayo. Maso akhale panja kumapeto kwa runway, pondani rudder (chopondera chokhotetsa mphuno ya ndege) ya mbali inayo mosalala mpaka mphuno iwongoke, ndipo phazilo likhale pomwepo, musamapope. Dzutsani mphuno pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ndipo ikhale yotsikirako. Mukakhala m'mwamba, chiwongolero chikakhala chopendekeka ndiye kuti rudder yachepa kapena yachuluka. Pa Q400 mapropela ndi amphamvu kwambiri, mwendo umagwira ntchito yaikulu, ndipo mukasintha mphamvu pang'ono pokha rudder trim imafunanso kusintha.

Cholakwika chachikulu apa ndi changu. Pa 737, kupatula kuzimitsa belu ndi kukweza matayala, simugwira kanthu mpaka mafiti 400 ndege itakhazikika. Ndipo thrust lever, start lever ndi fire switch sizisunthidwa mpaka nonse awiri mutatsimikiza kuti dzanja lili pa injini yoyenera. Pa 8 January 1989 ku Kegworth ku England, Boeing 737-400 ya British Midland inathyoka tsamba la fan mu injini yakumanzere, mapailoti n'kuzimitsa yakumanja yomwe inali bwino. Anthu 47 anafa. Mnzanu akati "confirm", yang'anani zida, yang'anani dzanja lake, kenako muyankhe.

9. Phunzirani kutsutsa wamkulu

Ili ndi gawo lomwe malangizo ambiri amalidumpha, ndipo kwa ife ndi lovuta kuposa V1. Tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu salakwa pamaso pa ana, kuti ukamalankhula naye uziyang'ana pansi, kuti mawu a akulu akoma akagonera. Ndi makhalidwe abwino ndipo ine sindiwanyoza. Koma pa mafiti 500, mukutsika mafiti 700 pa mphindi, mwatsala ndi masekondi osakwana 45 kuti mufike pansi. Kumanzere kwanu kuli kaputeni wa msinkhu wa bambo anu, wa maola 15,000, mwina ndi amene anakufunsani mafunso polowa ntchito. Liwiro likutsika ndipo iye sakuona. Kampani inakulembani ntchito chifukwa cha mphindi imeneyo.

CRM inabadwa ndi maliro. Pa 27 March 1977 ku Tenerife, Boeing 747 ya KLM inayamba kuthamanga mu chifunga pomwe ya Pan Am inali isanachoke pa runway. Flight engineer anafunsa ngati inayo yachoka, kaputeni, amene anali mkulu wa aphunzitsi a 747 pakampanipo, anayankha motsimikiza kuti inde, ndipo funsolo linathera pomwepo. Anafa anthu 583. Mu December 1978 DC-8 ya United inazungulira pafupifupi ola lathunthu pa Portland chifukwa cha vuto la matayala, anzake a kaputeni akungotchula za mafuta mozungulira, mpaka mafuta anatha. Ku Kegworth kuja, ena m'kabini anaona moto kumanzere, koma uthengawo sunafike kutsogolo. Ndipo kuno kwathu ku Africa, pa 5 May 2007, Boeing 737-800 ya Kenya Airways inanyamuka usiku ku Douala, kaputeni akuyesa kuti autopilot yagwira pomwe inali isanagwire. Ndege inapendekeka pang'onopang'ono kumanja, first officer wachinyamata osanena msanga, ndipo anthu onse 114 anafa. Pa 737 autopilot ikagwira pamaoneka CMD pa galasi lomwe lili patsogolo panu. Kungoyang'ana apo n'kunena mokweza zomwe mukuona ndi ntchito ya PM.

Tsono kulimba mtima sikubwera kokha pa tsikulo. Kumakonzedwa ngati flow, ndipo kachitidwe kake ndi aka.

Choyamba, tchulani chinthucho ndi liwu lake la m'buku: "speed", "sink rate", "bank angle", "localizer". Osayamba ndi "pepani", "mwina", "ngati sindikulakwitsa". Mawu a m'buku amakuthandizani chifukwa si inu amene mukudzudzula munthu, ndi kampani yomwe inalamula kuti PM aziwanena, ndipo kaputeni akuwayembekezera. Chachiwiri, akapanda kuyankha kapena kukonza, bwerezani mokweza ndi nambala: "Captain, speed, ten knots low." Chachitatu, nenani choti chichitike: "Unstable, go around." Makampani ambiri amafuna ndege ikhale itakhazikika pofika mafiti 1,000 mukakhala m'mitambo, kapena 500 mukamaona pansi, ndipo aliyense wa awiriwo akati go around, mumabwerera m'mwamba, zokambirana pambuyo. Chachinayi, mukanena kawiri osayankhidwa, muganize kuti munthuyo wadwala kapena wasokonezeka, nenani "I have control" n'kuigwira ndegeyo.

Yesererani zimenezi mokweza ndi sim partner wanu. Muuzeni alakwitse dala pa chair flying, aiwale matayala, atchule msinkhu wolakwika, akhale chete mukamuitana, kuti pakamwa panu pazolowere kufika mpaka pa chachinayi. Ngati mukudziwana ndi pailoti wamkulu, mupempheni akhale kumanzere kwanu madzulo amodzi, pakuti kuuza mnzanu "go around" n'kosavuta, kuuza wa imvi ndi nkhani ina. Aphunzitsi mu simuleta nawonso amalakwitsa dala kuti aone ngati munena. Kukhala chete kumeneko amakulemberani ngati kulephera, ngakhale mutatera mosalala chotani.

Achemwali, kwa inu katunduyu ndi wowirikiza, chifukwa kunyumba munauzidwanso kuti mkazi sakweza mawu pa amuna. Mpando wa kumanja ndi wanu mokwanira, ndipo mawu anu atuluke omveka ngati a wina aliyense.

Ulemu uli ndi malo ake. Pansi perekani moni bwino, "Captain, mwadzuka bwanji", nyamulani mapepala, fikani msanga. Pa briefing mutha kunena kuti, "Captain, ndine watsopano, ndikaona chomwe sindikumvetsa ndinena, inunso mundiuze." Makaputeni abwino amasangalala kumva zimenezi. Nthawi zina mudzanena ndipo mudzapezeka kuti wolakwa ndinu. Palibe vuto, muthokoze, ulendo wotsatira mudzanenenso.

10. Tsiku loipa likafika

Pafupifupi aliyense amakhala ndi tsiku lomwe zonse zimabalalika, kawirikawiri chapakati pa maphunziro pomwe zovuta zimayamba kuunjikana. Mukalakwitsa chinthu chimodzi, chisiyeni pomwepo, chifukwa aphunzitsi akukonza kale chotsatira ndipo amaonanso mmene mumadzukira mukagwa. Pa debriefing tulutsani kope, lembani, musadzitchinjirize. Chomwe simunamve funsani pomwepo, safunsa anadya phula. Akakupatsani ulendo woonjezera mu simuleta si manyazi, ndi maola omwe kampani yalipira kuti mukhoze. Madzulo ake sankhani zinthu ziwiri zokha zomwe zinavuta, muzichite pakhoma ndi mnzanu, kenako mugone.

11. Konzekerani anthu enieni ndi nyengo yeniyeni

Skill test ikadutsa musapumule kwambiri. Line training ili ndi zomwe simuleta siphunzitsa: kuwerengera mafuta, loadsheet, kuyendera ndege panja, kulemba mu technical log, kuthamangitsana ndi nthawi. Werengani Part C ya Operations Manual ndi ma chart a mabwalo omwe muzipitako usiku woti mawa muuluka. Dziwani mapiri ozungulira Chileka, makamaka Michiru, ndi chiperoni cha June ndi July chomwe chimatsitsa mitambo pa Blantyre. Dziwani utsi wa moto wa m'tchire wa August mpaka October, ndi mabingu a nthawi ya dzinja. Kamuzu ili pa mafiti pafupifupi 4,000, OR Tambo ya ku Johannesburg kupitirira 5,500, Bole ya ku Addis Ababa kupitirira 7,600, ndipo kukatentha mabwalo okwera chonchi amatalikitsa mtunda wonyamukira n'kuchepetsa katundu yemwe ndege inganyamule. Wailesi ya ku Johannesburg ndi yothamanga, mverani mawu ojambulidwa a ATC pa intaneti mukulemba ma clearance pa pepala, ndipo mukapanda kumva nenani "say again" m'malo mongoganizira. Pansi pa mafiti 10,000 nkhani zonse zosakhudza ulendo zimaima.

Khalani ndi kakope kakang'ono m'thumba la malaya, mukatera lembani chomwe kaputeni wakuuzani ndi chomwe mukufuna kukafufuza m'buku. Makaputeni ena adzakuphunzitsani njira zawozawo, mverani, koma funsani kuti zili pa tsamba liti, chifukwa pa line check adzakuyesani ndi buku. Makadi a limitations ndi chithunzi cha pakhoma musataye: pakatha miyezi 6 mudzabwereranso mu simuleta kukayesedwa, ndipo zizikhala choncho kawiri pa chaka mpaka mudzapume pa ntchito.